A Chulu Asankha Kafupi

Pa kampu ya agemu ya ku Nsefu, m'zaka zija chigwa cha Luangwa chinali gemu rizevu, malo osungira nyama zakutchire, ndipo boma linali ku Foti Jemisoni, mwamuna sankamuyeza ndi msinkhu kapena ndevu. Ankamuyeza ndi mfuti imene wasenza. Chaka chilichonse mvula ikasiya, misewu itauma, alendo ali pafupi kufika, mfuti zonse zinkatuluka m'sitolo n'kuyalidwa pa lona pansi pa mtengo wa bwemba. Amuna ankasankha motsata ukulu wa pantchito. Wamkulu ankatenga yolemera kuposa zonse, womutsatira yotsatira, mpaka wotsiriza ankatola chilichonse chatsala, kaya chikulira ngati mbuzi yachimfine. Palibe bwana analamula zimenezi. Anaziyamba okha, ndipo ankazisunga kuposa tsiku la Mulungu.

Wamkulu pa onse anali a Josiah Chulu, munthu wamfupi wa miyendo yamatewe, woyenda ngati njira zonse za m'chigwamo anazilambula yekha. Ntchito yawo inali yotsogolera alendo oyenda pansi m'thengo. Mzere unkayenda chonchi: patsogolo a Chulu ndi mfuti, pambuyo pawo Bwana Renjala, mzungu woyang'anira kampu, kenako azungu odzaona nyama ndi zipewa zawo ndi makamera, kumapeto mfuti yachiwiri yotseka mzere. Mfuti ya a Chulu inali fo-o-fo ya mpope wautali, yolemera ngati mwana woyenda kale, dzina lake Chimtengo. Ankachisenza paphewa, dzanja litagwira kumpope, ndipo pamalo pogwirapo utoto wakuda unatha, chitsulo chinayera mbee ngati shilingi.

Ukawafunsa njovu zimene anapha nthawi imene anali fundi woteteza minda, nambala inkadalira wofunsayo. Kwa mzungu inkakwera, kwa abusa a ku Msoro inkatsika. Chizungu chawo chinali cha mawu ochepa koma okhwima. Akati "sitendi sitilu", ngakhale mzungu wa mabuku ambiri ankauma ngati chitsa.

Vuto linali phewa lamanja, limene mbiri yonseyi silinkaimva. Chakumapeto kwa chilimwe chapitacho, njati yokalamba inadzambatuka m'bango pafupi penipeni ndi mzere. A Chulu anati akweze mfuti, Chimtengo chinafika pachifuwa n'kuima pomwepo, mpope ukuyang'ana nyerere. Panadutsa kamphindi kotalika ngati ulaliki. Njati inawayang'ana, inafwenthera, kenako inatembenuka mwa kufuna kwake n'kulowa m'bango. Azungu anaomba m'manja, ati mtsogoleri wolimba mtima chonchi sanamuonepo, munthu wosafuna n'kuloza komwe. A Chulu analandira ulemuwo osaufunsa kumene wachokera.

Koma chaka chotsatira, misewu itangouma, Bwana Renjala analengeza chinthu chimene sichinachitikepo. Ati chaka chino, mukasankha mfuti, aliyense ayenda nayo mpaka ku thawale la mchere ndi kubwerako dzuwa lili pamutu. Pofika, asanamwe ndi madzi omwe, aombera njovu yathabwa imene idzamuthamangire. Zipolopolo ziwiri zilowe m'mutu isanadutse mzere wa phulusa. Wolephera sayendanso ndi alendo, apita kukakhala pageti, kukweza mtengo galimoto ikabwera, kutsitsa ikadutsa. Polankhula Bwanayo sanayang'ane munthu aliyense. A Chulu anaona kuti kusayang'anako kunkayang'ana iwo.

Panali munthu winanso amene anaona za njati ija, ndiye Hosea, wotseka mzere. Hosea anakwatira Dolly, mwana woyamba wa a Chulu. Kuchigwa kuno mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, salankhulana ngati anthu a pamsika. Akakumana panjira, mkamwini amapatukira m'udzu n'kunjuta, kaya muli chitedze. Ntchito inawathandiza awiriwa: mmodzi patsogolo, wina kumapeto, pakati azungu ngati mpanda. Zofunika kuuzana m'thengo ankauzana ndi likhweru.

Tsono a Chulu akapita pageti, woyenera kutenga malo awo anali Hosea yemweyo. Taganizani, mkamwini ali pa Landirova ndi alendo, apongozi ake akumukwezera mtengo n'kumumenyera sawatcha. Hosea sankafuna kuti zifike pamenepo. Koma likhweru louza munthu kuti wakalamba palibe analipeka. Ndiye anatumiza mawu njira yaitali.

Mawuwo ananyamuka kwa Hosea ali ofatsa, atavala jekete: kapena apongozi, ngati angakonde, chaka chino ayang'aneko kamfuti kopepuka kaja. Anafika kwa Dolly. Dolly anapita nawo kwa amayi ake, a Margaret. Pofika kwa a Chulu, jekete anali atavula.

"Mwana wa eni akuti phewa lanu latha," anatero a Margaret akupeta mapira. "Akuti mutenge Kafupi musanatichititse manyazi pageti."

Kafupi kanali kamfuti kochita kusekedwa. Kale kanali filii-seveni-faifi yabwinobwino, mpaka mavu aja omanga ndi dothi anamanga nyumba mumpope, munthu wina n'kuomba osayang'ana. Mpope unang'ambika kunsonga ngati khoko la nthochi. Anakatumiza kuboma, amisiri anadula chong'ambikacho, anapalanso mtengo wake kuti zilingane, kanabwerako kafupi ndi kopepuka ngati ndodo ya m'busa wa ng'ombe. Chaka chilichonse kankatsala kokha pa lona. Wokatola ankakhala chaka chonse akuyankha mafunso onena za kudulidwa, ndi za zimene akazi ake akuganiza pa nkhaniyi.

A Chulu anayankha zambiri madzulo amenewo. Anati iwo anasenza Chimtengo Hosea akadali kuyenda chamaliseche. Anati phewa limene likunenedwalo linanyamulapo mnyanga wa njovu kuchoka ku Lupande mpaka kumsewu osautula. Anati mkamwini wa masiku ano amabwera ndi bulangete limodzi, mawa lake wayamba kuyeza mapewa a apongozi. A Margaret anapitiriza kupeta. Atatha, anangofunsa ngati phewa lotamandidwalo si lomwe lija amalithowa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse.

Mfuti zinali zotsekeredwa m'sitolo mpaka tsiku losankha. Koma a Chulu anafuna kutseka pakamwa pa akazi awo tsiku lomwelo, ndipo poyang'ana pabwalo anaona musi. Unali wa tsanya, wautali, wolemera ngati Chimtengo kapena kuposa pang'ono. Anautola nalamula a Margaret kuti awatsatire kuseri kwa nyumba, m'kamunda ka mapira, kumene maso a pakampu safika. Mwamuna wa ulemu wake kuonedwa ndi musi paphewa, nkhani yake ikhoza kufika ku Chinzombo dzuwa lisanalowe.

A Margaret sanali munthu wochita zinthu mwatheka. Anati Bwana wanena kuti kuombera kubwera munthu atayenda, ndiye muyambe mwazungulira mundawu mpaka malaya anyowe. A Chulu anazungulira, akutukwana pansipansi. Malaya atanyowa, a Margaret anali atabisala kuseri kwa nkhokwe, lichero lili kumutu ngati makutu. Anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'mwamba, mayi wa zidzukulu koma liwiro la msungwana wothawa mvula. A Chulu anagwetsa musi kuchoka paphewa, anaugwira ndi manja awiri, anati aukweze. Lichero linawafika pachifuwa, phwa.

"Mwafa, atate ake Dolly."

"Munayamba ndisanakonzeke."

"Njovu imati odi?"

Anabwereza. Ulendo uno a Chulu anali tcheru, anawaona akutuluka, komabe musi unafika pachifuwa n'kukakamira pamalo omwe aja, ngati pali chingwe chouletsa. A Margaret anaseka mpaka kugwira nkhokwe. Anati akadadziwa kuti kupha fundi n'kosavuta chonchi akadayamba kale, masiku aja ankabwera usiku akununkha mowa wa kwa Anna.

Kachitatu sanaseke. Anatola lichero, analikuntha fumbi, nafunsa ngati tsiku lija la njati zinali chonchi. A Chulu anayang'ana mapira.

"Pageti palibe amafa," anatero a Margaret. "Ine manyazi ndikhoza kuwasenza, ndinasenzapo ena anu. Koma kumbuyo kwanu kumayenda ana a eni, ndi bambo wa zidzukulu zanu."

A Chulu anaika musi pansi. Pafupi panali mpini wa khasu wopanda khasu. Anautola, anauika paphewa, naloza kunkhokwe ndi chibwano. A Margaret anabwerera. Atatulukira, mpini unali kale patsaya, ukuwayang'ana pamphumi, iwo asanadutse ndi mtondo womwe. Anaima, natsitsa lichero. Palibe ananena kuti mwaona. Analowa m'nyumba motsatana, a Chulu patsogolo.

M'mawa mwake anapita kusitolo. Kapitawo wa sitolo anali a Harris Sakala, mchimwene wawo wa a Margaret, munthu wonenepa amene thengo ankalionera pakhomo. Mlamu ndi mlamu amatukwanizana mwaufulu, ndipo awiriwa ufuluwo ankaugwiritsa ntchito tsiku lililonse. A Harris atawaona anafunsa ngati abwera kudzayeza yunifomu ya pageti. A Chulu anati abwera kudzaona ngati mafuta a mfuti akadalipo kapena kapitawo anakazingira mazira. Kenako anatseka chitseko.

A Harris anamva nkhani yonse osaseka, chinthu chimene chinawavuta kwambiri. Atatero anatulutsa filii-o-filii. Anati iyi ndi yopepuka koma yaitali, patali anthu sangazindikire msanga, ndipo ulemu wanu utsalako theka. A Chulu anaikweza, inakwera bwino, koma anaibweza. Anati imeneyo ndi mfuti yophera nswala za ndiwo za pakampu. Pamphumi pa njovu yaikazi yokhala ndi mwana, chipolopolo chake ndi kashembe chabe, imangopukusa mutu n'kubwerabe. Iwo sanabwere kudzasankha mfuti yonamiza anthu a pakampu. Ankafuna yoti ikwere msanga, ndipo ikalankhula njovu imve.

Yotere inalipo imodzi yokha, ndipo onse awiri ankaidziwa. A Harris anatulutsa Kafupi kumene kanatsamira pakona. A Chulu anakaika paphewa, anatembenuka, ndipo kanali patsaya asanakaganizire. Anayang'ana mumpope kuwala kwa pawindo, anagwedeza kachitsulo koyang'anira kunsonga kuti aone ngati amisiri anakawotcherera zolimba. Kanali gwa.

"Chipolopolo chake n'chomwe chija cha kale, alamu, sichinadulidwe," anatero a Harris. "Koma mudziwe. Mfuti yolemera imadya yokha theka la kukankha kwake. Kameneka kalibe podyera. Konse kakupatsani inu, patsaya ndi m'khutu."

A Chulu anati masaya ali nawo awiri. Chimene analibe ndi njira yokatolera pa lona, amuna onse akuona, iwo wamkulu wa onse, n'kukhalabe a Chulu mawa lake. Pamenepa a Harris anati sitolo yawo mulibe mankhwala ake.

Pobwerera kunyumba anakumana ndi Hosea akuchokera kumtsinje. Mkamwini anapatukira m'udzu monga mwa nthawi zonse, nanjuta atapereka msana. A Chulu anati adutse, koma diso linagwera pamsanapo. Mapewa anali ngati a ng'ombe yapangolo, otambalala, osagwira ntchito yokwanira. Anachepetsa liwiro. Pofika pakhomo pawo anali akuimba kanyimbo ka kutchalitchi, ndipo a Margaret, amene ankawadziwa, anayamba kuda nkhawa.

Tsiku losankha linafika. Lona linayalidwa pansi pa bwemba, mfuti zili ndondondo, Chimtengo kumutu, Kafupi kumapazi. Akazi ndi ana anaima chapatali ngati sakuonerera. Bwana Renjala anakhala pa bokosi la zipolopolo akusuta kaliwo. A Harris anaitana dzina loyamba.

A Chulu anapita mosafulumira, anawerama, natola Chimtengo monga mwa zaka zonse. Amuna anagwedeza mitu. Hosea anagwetsa nkhope. Koma m'malo mobwerera pamalo pawo, a Chulu anaimika thako la mfuti pansi, natembenukira kwa a Harris, nalankhula mokweza kuti ndi akazi omwe amve.

"Alamu, inu ndinu malume wa Dolly. Mundifunsireko kwa mkamwini wanga. Chikwatireni mwana wanga, anandilimirako munda uti?"

Hosea anali ataima pomwepo, kutalika kwa mkono umodzi kuchoka pa a Harris. Komabe a Harris anatembenuka mwaulemu wonse n'kumubwerezera funsolo liwu ndi liwu. Hosea ananjuta, nanong'ona. A Harris anabweretsa yankho: akuti palibe, poti kamunda kanu n'kakang'ono, amake Dolly amakamaliza asanamwe tiyi. A Chulu anafunsa za nyumba, ngati anawamangirako. Yankho linabwera lakuti nyumba za pakampu ndi za boma. Anafunsa za nkhokwe, za khola la nkhuku, za mpanda wa bafa. Pa chilichonse a Harris ankapita ndi kubwera atangoima pamodzimodzi, ndipo amuna anayamba kuluma milomo.

"Ndiye muwauze chonchi," anatero a Chulu. "Anzanga a kumudzi akamwini awo amawalimira, iwo ali pamthunzi. Ine khasu langa ndi ili. Ndalima nalo ndekha zaka zonsezi ngati munthu wosabereka mwana wamkazi. Kuyambira lero andinyamulire."

Anapereka Chimtengo kwa a Harris, a Harris anachipereka kwa Hosea, Hosea anachilandira ndi manja awiri ali chinjutire. Aliyense wa amuna aja anali ndi apongozi kwinakwake, ena anali ndi ana aakazi oyamba kutha msinkhu, ndipo onse ankawerengera m'mitu mwawo mbali imene nkhaniyi ikuwakomera. Palibe akanatsutsa. Mkamwini kugwirira ntchito apongozi, zimenezo n'zakale kuposa gemu rizevu.

A Chulu anayenda m'mbali mwa lona mpaka kumapazi, akuyang'ana mfuti iliyonse ngati munthu wokhuta akuyang'ana mbale za ena. Anati munthu wokhala ndi womunyamulira sayenda chimanjamanja, amagwirako kandodo. Anawerama, natola Kafupi ndi zala zitatu.

Remmy, mmodzi wa amuna aja, amene pakamwa pake pankayenda patsogolo pa nzeru zake, anafunsa ngati amake Dolly avomera kuti a Chulu aziyenda ndi kodulidwa. A Chulu anamuyang'ana mwachifundo. Anati Remmy asadere nkhawa nyumba za eni, poti yake yaitaliyo chaka chatha inaphonya mvuu yakufa, tonse tikuona. Kuseka kumene kunali kutakonzekera a Chulu kunagwera Remmy, konse, mpaka akazi a patali paja.

Bwana Renjala anachotsa kaliwo pakamwa nafunsa, m'Chinyanja chake cha m'mphuno, chimene chikuchitika. A Harris anayankha kuti ndi mwambo, bwana. Mawu amenewa Bwanayo ankawaopa kuposa mkango, chifukwa nthawi iliyonse akafunsa zambiri ankatha tsiku lonse. Anagwedeza mutu. Anangowonjeza kuti mwambo kaya ayi, aliyense aombera mfuti imene wagwira. Hosea, amene chibadwire anali asanaombepo fo-o-fo, anayang'ana Chimtengo m'manja mwake.

Ananyamuka dzuwa litakwera. Njira ya ku thawale la mchere imadutsa m'tsanya wopanda mthunzi, pansi pali dothi louma lobowoka ndi mapazi a njovu za m'dzinja. A Chulu anali patsogolo. Poyamba zinawasowetsa mtendere. Dzanja linkafunafuna mpope pamalo pake akale n'kugwira mphepo, ndipo thupi linkapendekera kumanzere, litazolowera kulimbana ndi katundu amene kunalibe. Anamva ngati atuluka m'nyumba ataiwala buluku. Koma pofika kuthawale phewa linali chete, kanthu kamene anali ataiwala kuti kamatheka. Pobwerera ankamva kupuma kwa amuna kumbuyo, ndipo kumapeto kwenikweni kupuma kumodzi kolemera kuposa kwa onse. Sanacheuke. Apongozi sacheukira mkamwini. Anangochepetsako liwiro pang'ono, ngati akuyang'ana mapazi a nyama.

Njovu yathabwa inali ikuwadikira pamtunda wa kuseri kwa kampu. Chinali chitseko chakale, atajambulapo mutu wa njovu ndi laimu, chokhomedwa pa kangolo ka matayala a njinga. Amuna awiri ankachigwira pamwamba pa chitunda. Woombera ankayenda m'munsi mfuti ili paphewa monga amayendera m'thengo, ndipo Bwana akaliza wezulo ankachisiya kuti chitsike chokha, chikugwedera ndi kulira ngati ngolo ya satana. Bwana anati ayambe aang'ono.

Ena anakhoza, ena analephera. Remmy analowetsa chimodzi m'mutu, china m'mitambo, ndipo anayamba kufotokoza za mphepo kwa anthu amene sanamufunse. Itafika nthawi ya Hosea, a Chulu anasendera kwa a Harris n'kulankhula akuyang'ana kumwamba. Anati muwauze mkamwini atsamire kutsogolo ngati akukankha chitseko chokanika, thako la mfuti alikanikize paphewa lisapeze mpata wothamangira, ndipo asachiope, chimaluma amantha okha. A Harris ananyamula mawuwo n'kukawatula. Wezulo inalira. Chimtengo chinagunda kawiri, mbalame zonse za m'bwemba zinasamuka, ndipo utsi utachoka Hosea anali atakhala pansi, miyendo ili tambalale, mabowo awiri ali pamphumi pa chitseko. A Chulu anauza mtengo wa bwemba kuti mwana wawo sanakwatiwe molakwika.

Anatsala iwo okha. Amuna awiri aja anakankhira chitseko pamwamba pa chitunda. A Chulu analowetsa zipolopolo, anaika Kafupi paphewa, nayamba kuyenda m'munsi mwa chitunda ndi kuyenda kwawo kuja kwa mwini njira. Kumbali ya diso ankaona mtengo wa pageti, woyera ndi wofiira, uli chiimire kumsewu.

Wezulo inalira. Kafupi kanali patsaya chitseko chisanatsike ndi theka lomwe. Anaomba. Zimene ananena a Harris zinali zochepa. Kamfutiko kanawamenya patsaya ngati mbidzi yaponya mwendo, mpope unalumphira kumwamba, m'maso munadzaza misozi, m'khutu munalowa njuchi. Njovu inasowa. Chimene ankaona ndi thambo ndi nsonga za mitengo. Dzanja lokha, limene silinkafuna maso, linakoka bawuti n'kuibwezera. Anakokera mpope pansi, naona chinthu choyera chikukula m'kati mwa misozi, chili pafupi moti ankamva matayala kunjenjemeretsa nthaka. Anaombanso. Chitseko chinadutsa mzere wa phulusa n'kukagunda chipika choimitsira, fumbi koboo.

Anthu anathamangira kukaona. A Chulu sanathamange. Anatulutsa chikopa cha chipolopolo, anachitola, nachiika m'thumba, kenako anapita. Bowo limodzi linali pakati pa mphumi. Lachiwiri linali m'munsi, pamzere weniweni wa laimu pamene mutu umathera, theka m'kati theka kunja. Bwana Renjala anagwada, analowetsamo chala, anachitulutsa, anachiyang'ana ngati chalacho chinena kanthu. Remmy anayamba kunena kuti kumbali yake akuona ngati lili kunja, koma wina anamuponda phazi.

Bwana anaimirira. Anati bowolo likhoza kukhala la m'kati kapena la kunja, iye sakangana ndi laimu. Chimene ankafuna kuona ndi mfuti kufika patsaya nthawi ikadalipo, poti chaka chatha, tsiku lina m'bango, sinafike. Lero yafika msanga kuposa ya wina aliyense. A Chulu akhalabe patsogolo chilimwe chino. Chaka chamawa adzayesedwanso, ndipo chaka chamawa laimu sadzamukhululukira.

A Chulu anaima njo, tsaya litayamba kale kutupa ngati abisamo bwemba. Anaika dzanja kukhutu natembenukira kwa a Harris. Anati kamfutika kawatseka makutu, sanamve kalikonse, alamu abwereze zimene wanena Bwana. A Harris anabwereza kuti mukhalabe patsogolo. A Chulu anapukusa mutu, naloza khutu lina. A Harris anakweza mawu. A Chulu anati akungoona milomo ikuyenda. Ndiye a Harris, amene anali atazindikira, anakoka mpweya wonse wa m'mimba mwawo muja n'kulengeza moti anamva akazi a pansi pa bwemba, anamva a Margaret pakhomo pawo, anamva ndi mlonda wa pageti kumsewu, kuti a Josiah Chulu akhalabe patsogolo pa mzere.

"Ndiponso Bwana akuti chaka chamawa," anapitiriza a Harris ndi mawu omwewo.

"Basi, alamu," anatero a Chulu, akuika Kafupi paphewa. "Khutu latseguka."